Tsiku Limene Labala Anatsitsa Mlendo

Mu ofesi ya ojambula mapulani a nyumba ija, ya pamwamba pa sitolo ya matayala, munali benchi imene anthu ankakhalapo podikira. Inali yaitali, yathabwa, yofunditsidwa nsalu ya maluwa. Makasitomala ankakhalapo, kumwerapo tiyi, ena mpaka kuodzerapo. Akanadziwa! Sinali benchi ayi. Linali bokosi, kutalika ndi kutambalala kwake ndendende bokosi la maliro la munthu wamkulu, ndipo a mu ofesimo ankalitchula kuti Mlendo.

Nkhani yake inayamba kale, a Madala, eni ofesiyo, adakali ndi tsitsi lonse m'mutu. Nyumba yawo yoyamba kujambula inali yosanja, ya mphunzitsi wina wopuma ntchito. Anthu anaiyamikira, mpaka chithunzi chake chinatuluka m'nyuzipepala. Ndiye mphunzitsi uja anadzamwalira m'chipinda chake cham'mwamba. Bokosi linakwera bwinobwino, poti linali lopanda kanthu ndipo analiimika. Koma potsika, mwini wake ali momwemo, linakanika kukhota pa masitepe. Anayesa uku, anayesa uku, mapeto ake anachita kulitsitsira pakhonde ndi zingwe ngati thumba la simenti, anamfedwa akuona. A Madala anali pompo, atavala suti yawo yakuda. Akuti mkazi wa malemuyo sanawatukwane n'komwe. Anangowayang'ana n'kunena kuti, "Nyumba yanu ndi yokongola, bambo."

Sabata yomweyo a Madala anakhometsa Mlendo kwa kalipentala. Kuchokera pamenepo, nyumba iliyonse yosanja isanaperekedwe kwa mwini wake, amene anaijambula amayenera kutsitsa Mlendo ndi manja ake, kuchokera kuchipinda cham'mwamba mpaka pakhomo, muli matumba a mchenga kuti alemere ngati munthu. Pokwera mutha kumuimika, poti a Madala ankati wamoyo amakwera yekha. Potsika ndiye panali malamulo: saimikidwa, satulidwa pansi, sagunda khoma. Eni nyumba sankauzidwa. Ndani angakondwe kuona bokosi likulowa m'nyumba yake iye asanagonemo n'kamodzi komwe?

Mlendo akakanika, khoma limagumulidwa, ntchito imapita kwa wina, ndipo wolepherayo amasamukira pa tebulo la pafupi ndi chimbudzi, kumakajambula mapaipi mpaka a Madala atamukumbuka. Ndipotu a Madala sankakumbuka msanga.

Chaka chimenecho inali nthawi ya mtsikana wina wa mu ofesimo wotchedwa Labala. Dzina limeneli anamupatsa chifukwa ankafufuta kuposa kujambula. Tebulo lake limakhala mbuu nyenyeswa za labala, moti woyeretsa mu ofesi ankamupatsa moni monyinyirika. Anali atagwira ntchito pamenepo zaka zingapo akukonza mapulani a anthu ena, kusuntha zitseko, kuwongola makonde. Tsopano anali atapatsidwa nyumba yakeyake yoyamba: yosanja, ya mayi wina wogulitsa nsalu, pa kapuloti kopapatiza m'mbali mwa msewu wa piringupiringu.

Nyumba imeneyi poyamba inali ya a Tayi. A Tayi anali mkulu wake pa ntchito, bambo amene ankavala tayi ngakhale pokwera denga, ndipo mphekesera zimati amagona nayo. Pulani yawo inali ndi masitepe owongoka, otsamira khoma la mdima, opanda chokhota chilichonse. Mlendo akanatsika pamenepo akuimba mluzu. Koma mayi wa nsalu ataiona anati, "Ndiye ndizikwera ngati ndikulowa m'thumba?" Labala, amene anangobweretsa mapepala, analankhula osafunsidwa. Anati masitepe atha kukhota pakati, pakhoma loyang'ana kumsewu, ndipo pokhoterapo pakhale zenera lalikulu, loyambira m'mawondo mpaka kupitirira mutu, kuti dzuwa la m'mawa lizitsika masitepe limodzi ndi mwini nyumba. Mayi uja anamuloza ndi chala n'kuti, "Ameneyu." A Tayi anakonza tayi yawo, ngakhale inali yowongoka kale, ndipo kuchokera tsiku limenelo ankamuitana Labala kuti "bwana wamng'ono."

Kunyumba, asisi ake a Labala anatopa nalo zeneralo lisanamangidwe n'komwe. Awiriwa anakulira m'chipinda cha lendi kuseri kwa golosale, chopanda zenera ndi limodzi lomwe, moti kuti kwacha ankadziwira wailesi ya aneba.

"Iwe, ukubwezera ndani?" asisiwo anatero tsiku lina, akusita yunifolomu ya mwana wawo pamene Labala anayala mapepala ake pa tebulo lodyera. "Landilodi uja anamwalira kale."

"Ndi zenera chabe, asisi."

"Zenera chabe likukudyetsa choimirira? Chotsa mapepalawo, mwana akufuna kulemba homuweki."

Ku ofesi aliyense ankadziwa kuti pokhotera pa Labala n'pothina. Pulotiyo sinalole. Ankadziwanso kuti akalephera, khoma la zenera ligwa ndipo a Tayi abwezeretsa masitepe awo a mdima. Anti a pa foni, amene anabwera pa ofesiyo makompyuta asanabwere ndipo ankadziwa amene akufuna kukwatira mwini wake asanadziwe, anamukokera Labala pambali nthawi ya tiyi.

"Mwana wanga, kalipentala uja adakalipo, ali kuseri kwa msika. Mlendoyu atha kupita kukapakidwa vanishi." Anatsinzinira diso limodzi. "Akabwerako amakhala atachepako pang'ono. Usandifunse kuti ndani anayamba wachitapo. Ndangoti pali nyumba ina ya dotolo, ndipo anaijambula ndi munthu wovala bwino."

"Ayi, Anti. Akwana."

"Wamuyesa?"

"Pa kompyuta. Akudutsa, mpata wa zala ziwiri n'kutsalako."

Anachita kuwaonetsa. Pa galasi la kompyuta kabokosi kachikasu kanatsetsereka masitepe, kanafika pokhotera, kanazungulira mwaulemu n'kutsika. Anti anaonera kawiri, n'kunena kuti iwo zinthu zoyenda zokha sazikhulupirira, n'kubwerera kukayankha foni.

Tsiku lake linali lotentha. Mlendo anamukweza m'pikapu atamufunditsa lona, ngati katundu wakuba. Kapitawo wa omanga anauza anyamata ake onse kuti apite akadye, ngakhale nthawi inali isanakwane, ndipo palibe anafunsa chifukwa. Mwini nyumba anali ku sitolo kwake, msewu womwewo cha kumunsi. M'nyumbamo munkanunkha penti ndi simenti yaiwisi. A Madala anakhala pa chigoba cha penti kumunsi kwa masitepe, ndodo ili pakati pa miyendo, chipewa chili pabondo.

"Wojambula amatsogola," anatero. "A Tayi, mugwire kumutu."

"Ine, bwana?"

"Pali a Tayi angati muno?"

Anamukweza choimika, kapitawo akuthandiza, n'kuikamo matumba a mchenga m'chipinda cham'mwamba. Labala anavula nsapato zake zazitali n'kutsala ndi masokosi. A Tayi sanavule kanthu. Ananyamula.

Eee, Mlendo analemera. Pa kompyuta kabokosi kaja kanalibe kulemera kulikonse. Labala ankatsika chafutambuyo, phazi likufufuza sitepe lisanaponde, kulemera konse kukutsamira pa iye chifukwa ndiye anali kumunsi. A Tayi ankapumira m'mwamba kumtunda kwake.

"Pang'onopang'ono, bwana wamng'ono. Munthuyu sakuthamangira kulikonse."

"Inu gwirani bwino, mukundikankha."

"Ndi masitepe anu akukukankhani."

Anafika pokhotera. Dzuwa linali litadzaza malo onsewo monga momwe Labala ankafunira, mpaka fumbi limaoneka likuvina. Anabwerera m'mbuyo, anabwereranso, kenako msana wake unakhudza galasi. Anayang'ana kumtunda. Mutu wa Mlendo unali usanatuluke m'mpata wa masitepe a m'mwamba. Kuti akhote, panafunika abwererenso m'mbuyo, koma kumbuyoko kunali zenera.

Pamenepo m'pamene anaona zimene anachita. Pa kompyuta makoma anali njerwa zokhazokha. Apa anali atavala pulasitala, uku chala, uku chala. Zala zake ziwiri zija zinadyedwa pamenepo. Koma chachikulu sichinali chimenecho. Kabokosi kachikasu kaja kankayenda kokha. Kanalibe manja m'mbali, kanalibe munthu kumapeto kwake. Iye anayeza bokosi, anayeza makoma, anayeza masitepe, n'kuiwala kudziyeza yekha.

Anayesa kupotoza pang'ono. Zala zake zinapanikizika pakati pa thabwa ndi khoma, khungu n'kusupuka.

"Wagunda?" a Madala anafunsa ali kumunsi.

"Ndi dzanja langa lagunda, bwana. Iye sanagunde."

"Dzanja ndi lako. Pitiriza."

A Tayi thukuta linali likutsikira m'kolala. Analankhula motsitsa mawu, ndipo chodabwitsa n'chakuti sananyoze. "Mtsikana, tula pansi. Tonse tinakhalapo pa tebulo lija. Sipafa munthu."

"Inunso?"

"Ndati tula, msana wanga ukuthyoka."

Labala sanatule. Ankamva kutentha kwa galasi kumsana, ndipo china chake chinkamubaya m'chiuno. Chinali chogwirira cha zenera. Anachiika m'munsi dala chifukwa mayi wa nsalu anali wamfupi, ndipo anakangana ndi wowotcherera zitsulo sabata yathunthu kuti zeneralo lizitsekukira kunja, mbali zonse ziwiri, popanda chitsulo pakati. Ankaganizira mphepo, osati izi.

Anatsitsa chigongono, n'kukankha chogwiriracho. Zenera linatseguka kuti mbee, phokoso la msewu n'kulowa.

"Mukutani?" anatero a Tayi.

"Tsikani."

"Nditsikire kuti?"

"Tsikani basi, a Tayi, musandifunse mafunso!"

Labala anawerama, analowa pansi pa Mlendo, n'kumusenza paphewa ali cham'mbali. A Tayi anatsika sitepe, inanso, inanso, ndipo Mlendo anayamba kutuluka pa zenera, pang'onopang'ono, osakhudza felemu, mpaka pafupifupi theka lake linali m'malere pamwamba pa msewu.

Kunjako ndiye kunachitika zinthu. Mayi wina wogulitsa malalanje tsidya la msewu anakuwa, "Mayo ine!" malalanje n'kumwazika. Minibasi inaima pakati pa msewu, kondakitala atatulutsa thupi lonse pakhomo. Abambo awiri amene ankasewera bawo la pa foni pansi pa mtengo anaimirira n'kuvula zipewa. Wina anafuula kuti, "Nyumba sanalowemo, amwalira ndani?" ndipo wina anayankha kuti mwina ndi wa pulasitala uja, paja ankatsokomola.

Mutu wa Mlendo unatuluka m'mpata muja. A Tayi anazungulira, tayi yawo itakodwa pa msomali wa bokosi moti ankayenda chowerama ngati mbuzi yopita kumsika. Mlendo anabwerera m'nyumba, anakhota, anatsika masitepe otsalawo, n'kufika pakhomo. Anamutula. Labala anakhala pansi pomwepo, pa simenti, akuyamwa zala.

Onse anayang'ana a Madala. Mwambo wake unali wakuti zikayenda iwo amati, "Mlendo wapita bwino," n'kuvala chipewa. Chipewa chinali chidakali pabondo.

"Bwana," a Tayi anatero atamasula tayi yawo pa msomali, "ine sindikufuna kuipitsa. Mwanayu ndi wolimba. Koma zenera si njira."

"Sanaimikidwe," anatero Labala. "Sanatulidwe. Sanagunde."

"Anatuluka panja."

"Lamulo limenelo kulibe."

"Kulibe chifukwa palibe wamisala anayamba waganizapo!"

Asanamalize, pageti panamveka phokoso. Anali mayi wa nsalu, tepi yoyezera ili m'khosi, lumo lili m'manja, akupumira m'mwamba. Uthenga unali utawapeza kale kudzera m'mafoni atatu, ndipo pofika kwa iwo nkhani inali yoti m'nyumba mwawo mwatuluka mabokosi awiri ndipo limodzi linali lotsegula.

Anaima pakhomo. Anayang'ana bokosi, a Madala, kapitawo amene anayamba kufufuza china chake m'thumba, n'kumalizira pa Labala.

"Iwe mwana. Ine ndinakusankha ndekha, ndi chala ichi. Chimenechi n'chiyani m'nyumba mwanga?"

Labala anatsegula pakamwa koma a Madala anakweza ndodo. Anadzuka movutikira, mawondo akulira, n'kufotokoza. Aka kanali koyamba chiyambire ofesiyo kuti mwini nyumba amve za mphunzitsi uja. Anafotokoza mwachidule, osakometsera: bokosi, masitepe, zingwe, mawu a mayi wamasiye. Anatsegulanso chivindikiro kuti mayiwo aone mchenga.

"Ndiye mumandiyesa ine."

"Timayesa nyumba, mayi."

"Ndi thupi langa."

"Ndi mchenga, mayi."

"Musandiuze za mchenga, bambo, ndili ndi maso." Anapatsira kapitawo lumo lija ngati ndi wantchito wawo, n'kuyamba kukwera masitepe, dzanja lili pakhoma. Onse anatsala pansi akumvetsera mapazi. Pokhotera mapaziwo anaima. Anaima nthawi yaitali. Labala ankangoona m'mphepete mwa diresi lawo ndi chithunzithunzi chawo chitagwera pa masitepe. Kenako anamva mayiwo akukuwira kumsewu: "Mukuyang'ana chiyani? Ndili moyo! Iwe wa malalanje, tola katundu wako, akupondera!"

Anatembenuka n'kusuzumira pansi.

"Iwe wa zenera. Bwera kuno."

Labala anakwera ndi masokosi ake.

"Ukuti ine tsiku langa likadzafika, ndidzayamba ndatulukira apa?"

"Pang'ono pokha, mayi. Kenako mudzabwereranso m'kati."

"Miyendo kapena mutu?"

"Lero inali miyendo."

Mayiwo anayang'ana msewu, kuyambira kumtunda mpaka ku sitolo kwawo kumene nsalu zinkauluzika pakhomo. "Ndipo kupanda zenerali?"

"Simukanatsika, mayi. Ndinalakwitsa poyeza. Ndinaiwala anthu onyamula."

"Sukulu yonse ija."

"Eya, mayi."

"Hm." Anagwira chogwirira chija, anatseka zenera, anatsegulanso, ngati akuyesa zipi. "Mchimwene wanga akuti ndiikepo zitsulo za akuba."

"Mukaika, ndiye kuti basi."

"Ndamva, sindine wogontha. Wakuba wokwera mpaka kuno ndidzamupatsa tiyi." Anakweza mawu kuti a pansi amve. "Bambo inu a chipewa! Akuti mukufuna kugumula khoma langa?"

Za khomalo a Madala sanawauze. Ndiye kuti kapitawo pakamwa pake sipanali pabwino kuyambira kale. A Madala anayandikira kumunsi kwa masitepe n'kuyang'ana m'mwamba. Dzuwa linawawala kumaso mpaka anatsinzina.

"Ndikuganiza, mayi."

"Ganizani msanga. Ndipo chinthu chanucho chichoke azilamu anga asanamve, paja akudikira kale."

A Madala anayang'ana a Tayi. A Tayi anayang'ana kabowo kamene msomali unasiya pa tayi yawo.

"Unalemera bwanji kumtundako?" a Madala anafunsa.

"Kwambiri, bwana."

"Anakhudza felemu?"

"Ayi."

"Zingwe zinafunika?"

"Ayi, bwana."

A Madala anatola chipewa chawo pa chigoba cha penti, anachikuntha fumbi, n'kuchivala. "Mlendo wapita bwino," anatero. Kenako analoza Labala ndi ndodo. "Koma iwe, kabokosi kako ka pa kompyuta kaja ukakameretse manja. Ndipo ukafotokozere anzako onse chifukwa chake, utaimirira."

Anafotokozadi, Lolemba lake, zala zili m'mabandeji, ofesi yonse itasonkhana ndi makapu a tiyi. Anti a pa foni anamufunsa mafunso ambiri kuposa wina aliyense, onse okhudza zimene mayi wa nsalu anavala. Tebulo la pafupi ndi chimbudzi linakhalabe la mulu wa mapepala akale. A Tayi anasiya zoti "bwana wamng'ono" n'kuyamba kumuitana kuti "adzukulu," ndipo dzinalo linatsala pang'ono kugwira.

Asisi ake atamva anangoti, "Ndiye zenera lija lilipo? Chabwino. Tsopano uzidya utakhala pansi."

Chimene chinawonongeka ndi benchi. Nkhani inayenda m'tauni, poti mayi wa nsalu ankaiuza kasitomala aliyense uku akudula nsalu, ndipo ulendo uliwonse bokosi limatalikirako. Anthu obwera ku ofesi anayamba kuyang'ana nsalu ya maluwa ija ndi diso lina. Anti akati, "Khalani pansi, a bwana akubwera," iwo amayankha kuti, "Ayi zikomo, takhala kwambiri m'galimoto." A Madala anakana kugula mipando. Anati wofuna nyumba aime, kapena akhale pa Mlendo azolowerane.